Tsiku Limene Ndinakonza Mtembo wa Amuna Anga Ali Moyo

Ine si munthu wochita manyazi wamba. Pa mzere wathu wonse kuno ku Chongwe, mzimayi amene akuphunzira digiri ya unesi pa intaneti ndine ndekha, ndipo amene sakudziwa zimenezi ndiye kuti sanakwerepo nane minibasi. Koma nkhani iyi ndikaikumbuka, ngakhale ineyo ndimabisa nkhope m'chitenje.

Tinafika pa phunziro la kasamalidwe ka munthu akamwalira m'wodi: kumutseka maso, kumumanga chibwano, kumufunditsa. Mayeso ake anali a practical, live pa kamera. A tutor athu anachenjezeratu kuti woyankhula ndi munthu wina kapena kuchoka pa kamera walephera, adzabwereza chaka chamawa.

Kubwereza ine? Nditalengeza kale za graduation kwa amayi onse a kutchalitchi?

Anzanga a ku Lusaka anagula zidole zophunzirira. Ine ndinali ndi a Tembo, amuna anga.

"Mugone pa mphasa apa. Musagwedezeke, musakambe."

"Nanga nikafuna kutsokomola?"

"Mitembo siitsokomola, atate a Dalitso."

Pabalaza pathu ndi popanikiza, ndiye kuti kamera ione bwino ndinatulutsa masofa, tebulo ndi kabati, zonse pabwalo. Mutu unali pa mayeso. Ndinaiwaliratu kuti kwathu kuno mipando ikangotuluka panja, ndiye kuti walengeza maliro.

Ndinavala yunifomu, foni n'kuitsamiritsa pa ndowa, mayeso n'kuyamba. Ndili mkati momanga a Tembo chibwano ndi bandeji, chitseko chinatseguka. Anali bana Mwansa, amayi aneba athu. Anaona bambo ali gone, nsalu yoyera mpaka m'khosi, ine ndawawerama. Anagwira mutu n'kutuluka akulira mokuwa.

Ndinafuna kuwaitana. Kuyang'ana pa foni, a tutor ali maso pa ine, cholembera m'manja. Ndinameza mawu n'kupitiriza.

Posakhalitsa azimayi anayamba kulowa, kuvula nsapato pakhomo, kukhala pansi motsamira khoma. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro. Panja azibambo anali akutsitsa nkhuni. A Tembo, poopa ine, ali phee.

"Onani kulimba mtima," anatero mayi wina monong'ona. "Ni sukulu ija."

"Kulimba kwanji, olo msozi umodzi?" anayankha mnzake. "Awa adziwapo kanthu."

Ine ndikumva zonse, koma maso pa kamera. "I now cover the face with dignity," ndinatero m'Chingerezi changa chabwino, n'kuwafunditsa kumutu.

Kenaka anatulukira a Esinati, alongo awo a amuna anga a ku Kasisi, omwe uthenga unawapeza pamsika. Anangolowa n'kudzigwetsa pa mtembo thupi lonse.

"Mlongo wanga ine! Ninakamba kuti masukulu a pa foni aya adzatiphera munthu!"

Kulemera kwa a Esinati si kwamasewera. Mtembo unapirira, unapirira, kenaka unadzuka n'kukhala tsonga, bandeji ili m'chibwano.

"Esinati, choka iwe. Uzanithyola nthiti."

Azimayi onse anafuna kutulukira pakhomo limodzi nthawi imodzi. Wotsogolera nyimbo anadutsira pawindo. Nsapato zinatsala mulu.

Ine pa kamera sindinachoke, ndipo sindinayankhule ndi munthu. Ndinapinda nsalu mwaulemu, n'kusamba m'manja monga limanenera buku, n'kuima chilili kudikira zotsatira.

A tutor anavula magalasi n'kupukuta m'maso, mapewa akugwedezeka.

"Mrs Tembo, kumanga mwamanga bwino, kufunditsa mwafunditsa bwino. Mwakhoza. Koma mukadzafika ku wodi, musanachite zonsezi, muzidzayamba mwaonetsetsa kuti munthuyo wafadi."

Digiri ndiitenga, afune asafune, koma ndaphunzira kuti netiweki ya pa foni imachedwa. Ya aneba ndiye yothamanga, siifuna n'komwe mabando a intaneti.