Jekete ya a Pindakanayi

A Pindakanayi sankalola munthu kugula makina osokera asanawayese pa jekete yawo. Ankaivula, n'kupinda mpendero wake kanayi, n'kuulowetsa pansi pa singano. Makina akadutsa pamenepo osatsokomola, ankangoti, "Gulani." Akatsamwa, ankavala jekete yawo n'kutuluka osatsazika. Dzinali linachokera pamenepo.

Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Ine ndimasoka nsapato. Tinakhala pa khonde limodzi la sitolo ya zitsulo zaka makumi atatu, iwo kumanzere kwa chitseko, ine kumanja. Sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo sindikanalemba izi pakanapanda zimene ndinamva pamaliro awo. Mwana wa mlongo wawo anaimirira atavala suti n'kuuza anthu kuti amalume ake anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Wofatsa! Munthu woti anathamangitsidwa m'masitolo atatu! Munthu akamwalira musamamunamizire. Ndinavala chipewa changa n'kubwerera ku nsapato.

Jekete ija akuti poyamba inali ya khaki. Ine ndinaipeza itasanduka kale ulusi wokhawokha, wofiira, wakuda, wobiriwira, misoko kukwerana ngati njira za nyerere. Inauma ngati chikopa cha ng'ombe. Akaivula inkaima yokha pakona. Mvula inkagogoda n'kubwerera. Akazi awo, asanamwalire, anayesa kuichapa kamodzi, ndipo chingwe choyanikira chinaduka pamodzi ndi mtengo wake.

Chimene ankadana nacho kwambiri chinali pulasitiki. Tsiku lina kunabwera mkazi wa mphunzitsi atanyamula makina oyera m'katoni, atangosokera milungu itatu.

"Akuti amasoka maluwa a mitundu makumi anayi, agogo," anatero mayiyo.

"Inu mumafuna kusoka diresi kapena kulima dimba?"

Anamasula kumbuyo, n'kutulutsa kagudumu ka pulasitiki mano ake atalala, n'kukakweza m'mwamba kuti khonde lonse lione.

"Taonani mano awa. Anga ndi abwino, chikhalirecho ndatsala ndi asanu."

"Ndiye akonzeka, agogo?"

"Akonzeka. Tichotsa zam'katizi, muzisungiramo anyezi."

Musaganize kuti ankangokonda zolemera. Kunabweranso bambo wina wa galimoto, mimba kutsogolo, atagulira akazi ake chimakina cha kufakitale. Mayiwo anali asanalowetsepo ulusi pa singano chibadwire.

"Ine ndimafuna zolimba, madala. Mtengo si nkhani."

"Mayiwa azisokera kuti?"

"Kunyumba, masiku ena kumsika."

"Chabwino. Anyamuleni mpaka pa siteji ya minibasi, mubwere nawo."

Bamboyo anavula wotchi, anawerama, anakoka. Makina sanasunthe. Chimene chinasuntha ndi buluku lake, linang'ambika kumbuyo kuchokera pa lamba mpaka pansi.

"Vulani," anatero a Pindakanayi, "tiyesere pomwepo."

Lamulo lawo linali lalifupi. Makina a wophunzira asathamange kuposa dzanja lake, asalemere kuposa mwana wa zaka zitatu, ndipo singano ndi bobini zake zokulungapo ulusi zizipezeka pamsika uliwonse. Ankalinena mokuwa, ngati wina wawatsutsa, ngakhale palibe amene wayankhula. Mwini sitolo ya zamagetsi ya tsidya la msewu akawaona akuwoloka ankatsitsa chitseko dzuwa lili paliwombo.

Tsopano ndinene za mwana wanga wamkazi. Mwamuna wake atamwalira anabwerera kwanga ndi ana awiri. Nsapato sizidyetsa pakamwa panayi. Ntchito ya m'nyumba inapezeka kutali, koma abwanawo sankafuna wantchito wa ana. Iye anagulitsa kabati ndi bedi lake, n'kupeza zokwanira makina amodzi basi. Anati akalephera zosoka apita kuntchito kuja, ana atsala ndi ine. Ana aja anamva. Wamng'onoyo anayamba kumutsatira ngakhale kubafa.

Nthawi imeneyo a Pindakanayi anali atayamba kudwala. Miyendo inatupa, chifuwa chinkalira ngati makina opanda mafuta. Pakhonde ankabwera mwa apo ndi apo. Sindinafune kuwavutitsa, koma anamva okha kuti mwana wanga akumaima pawindo la sitolo ya zamagetsi kusirira timakina toyera ta getsi.

"A Nsapato," anandiitana, "mwana wanu akukaponya bedi lake m'dzala inu mukungokhoma misomali?"

Tinawoloka msewu tonse atatu. Mwini sitolo anachedwa kutiona.

"Madala, lero ayi."

"Ndabwera ndi kasitomala."

"Jekete itsale panja."

"Ndiye kasitomala atsalanso panja."

Anatilola. Makina aja anali okongola ndithu, opepuka ngati mtanga wopanda kanthu, getsi lake likuwala pa singano. A Pindakanayi anapinda mpendero kanayi, n'kuponda. Makina analira, ananjenjemera, anayamba kuyenda pa kauntala ngati nkhuku yothawa mphamba. Singano inapindika. Getsi linakhalabe loyaka.

"Getsili ndi labwino," anatero. "Ana aziwerengera."

"Makina amenewa si osokera matenti!" anakuwa mwini sitolo.

"Matenti? Kabudula wa sukulu, pamene msoko wam'mbali wakumana ndi mpendero, nsalu imakhala kangati? Kanayi! Mayiyu akasoka makabudula, osati mipango ya zidole. Mukugulitsa tochi pa mtengo wa makina!"

Anthu anali atadzaza pakhomo. Titatuluka mwana wanga anali pafupi kulira.

"Agogo, mwandichititsa manyazi."

"Manyazi atha pofika Lachitatu, mwanawe. Bedi lako silibwereranso."

Anatitsogolera kuseri kwa msika, akupumira pa ngodya iliyonse, kwa mayi wina wogulitsa katundu wakale. Pakati pa mapoto ndi masimbi panali makina akuda achitsulo, opukusa ndi dzanja, utoto utasupuka, ali m'bokosi la matabwa la chogwirira.

"Awa akuoneka ngati a agogo ake a munthu wina," anatero mwana wanga.

"Eya. Agogowo anapita, makina alipo."

Anazungulitsa gudumu ndi chala chimodzi, khutu atagunditsa pachitsulo, maso atatsinzina. Anatulutsa bobini, n'kuona kuti ndi yofala. Anasonyeza mwana wanga pamene adzamangirire mota manja akadzazolowera. Atamva mtengo anakalipira mayi wogulitsayo mpaka anatsitsa, kenako anamukalipiranso chifukwa chosunga makina abwino pafupi ndi mchere.

"Nyamula," anauza mwana wanga. "Mpaka pa siteji, ubwere nawo."

Anapita n'kubwera atasintha dzanja kamodzi kokha.

"Kamodzi si mlandu," anatero.

Makina amenewo ndi amene ali pakhonde lero, kumanzere kwa chitseko. Makabudula oyamba anatuluka mwendo wina wautali, koma singano sinathyoke, ndipo manja anaphunzira. Mwana wanga sanapite kuntchito kuja. Wamng'ono uja anasiya kulondera pakhomo la bafa. A Pindakanayi sanaone zimenezi. Anagona patangotha milungu isanu osadzukanso.

Msewu wathu tsopano uli zii. Chitseko cha sitolo ya zamagetsi chimakhala chotsegula tsiku lonse. Atsikana amadutsa atakumbatira makatoni oyera, akumwetulira, ndipo palibe wowakuwira. Ine ndimaona, mtima n'kuwira, koma pakamwa panga sipanazolowere. Ndinakuwa kamodzi kokha, tsiku limene ndinapeza mwana wa mlongo wawo uja akupukutira matayala a galimoto ndi jekete ija. Anandipatsa msanga. Ili pakona kumbuyo kwanga. Imaimabe yokha.

Koma sindinanene za kuyesa kwa tsiku lija kumsika. Mwana wanga atabwera kuchokera pa siteji, a Pindakanayi anayamba kuvula jekete. Dzanja linakana kutuluka, ndipo ndinawathandiza. Pa zaka makumi atatu kanali koyamba kuti andilole kuigwira. Anaitembenuza uku ndi uku kufuna malo. Mpendero unali utadzaza. Kolala inali itadzaza, mikono chimodzimodzi. Malo opanda ulusi anatsala amodzi, pakamwa pa thumba la pachifuwa.

"Apa ndi kanayi kale, ndi chivindikiro chakechi," anatero. "Khala pansi, mwanawe. Pukusa wekha."

M'thumba limenelo ndi mmene munkakhala kasikuludiraiva kawo ka chogwirira cha mtengo, kamene ankamasulira makina onse a msewu wathu. Sankabwereketsa munthu, ngakhale ine. Ndinaona katatukuka pansi pa nsalu. Munthu ameneyu sankaiwala ngakhale kabawuti kamodzi pansi pa tebulo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakumbutse. Anandiyang'ana. Ndinatseka.

Mwana wanga anapukusa. Singano inalowa, inatuluka, inadutsa thumba lonse kuchokera mbali ina kufika mbali ina osatsokomola. A Pindakanayi anadula ulusi ndi mano awo asanu aja, anakoka msokowo mwamphamvu, sunatseguke. Anavala jekete, n'kusisita pachifuwa kawiri.

"Gulani," anatero.