Moni Umene Unandiveketsa Epuloni

Chithunzi chimene chikuzungulira m'mafoni mwanu ndachiona. Inde, wavala epuloni yamaluwayo ndine. Musanathe mano ndi kuseka, imvani mbali yanga.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma ya nthawi ya atsamunda. Tinkaloweza mafumu ndi mitsinje ya ku Mangalande, ukaphonya chikwapu. Ndiye kumpingo kwathu ku Lanham, kuno kutsidya kwa nyanja, atalengeza mpikisano wa mafunso a Chingerezi ndi mbiri ya Angerezi, Amalawi kulimbana ndi anzathu a ku Zambia, sindinadikire kupemphedwa. Ndinadziika ndekha kukhala mtsogoleri. (Wotsutsa panalibe. Kaya unali ulemu kaya mantha, zonse n'zabwino.)

Pangano linali lakuti mtsogoleri wa gulu logonja avale epuloni, aperekere tiyi kwa opambana. Mtsogoleri wa enawo anali a Zulu, mkulu wa ku Lusaka amene amandiputa Lamulungu lililonse.

"Ba mudala, mwabwela na epuloni yanu, olo tikubwelekeni?" anandifunsa pakhomo.

"Ine ndinayamba Chingerezi inu musanamere mano," ndinatero.

Mwana wanga Esinati, namwino amene ndimakhala naye ku Woodbridge m'chigawo cha Virginia, anali atandichenjeza kale tili pa msewu wa I-95 popita ku mpikisanowo. "Bambo, mukadina belu muziyankha pompo. Nthawi imakhala yochepa." Ndinamuuza kuti aziyang'ana msewu.

Wofunsa anali Tadala, mtsikana wogwira ntchito ku Bethesda. Funso loyamba: mawu akuti *fortnight* amatanthauza nthawi yaitali bwanji? Zamkaka. Ndinadina belu, ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete.

"Zikomo a wapampando, abusa ndi mayi busa, akulu a mpingo, alendo athu a ku Zambia, amayi ndi abambo..."

Foni ya Tadala, yowerengera nthawi, inalira.

"Pepani agogo, nthawi yatha."

"Yatha bwanji ndisanayambe?"

"Masabata yabili!" anakuwa a Zulu, ali chikhalire, mwendo pamwamba pa unzake. Anawapatsa mapointi. Munthu woyankha pagulu la akulu ngati akuitana galu!

Mafunso ena awiri anapita chimodzimodzi. Mayankho ndinali nawo, koma ankandifera m'kamwa. Pa lachinayi ndinathamangitsa moni ngati wolengeza maliro pa wailesi, ndipo ndinafika nthawi ilipo. Funso linali lakuti mu paundi imodzi ya Angerezi muli mapeni angati.

"240!"

"Ayi agogo, ndi 100."

"Mwana iwe, mapeni khumi ndi awiri ndi sheleni. Masheleni makumi awiri ndi paundi. Chulukitsa."

"Zimenezo Angerezi anasintha kalekale, ine ndisanabadwe."

"Asinthe okha kwawoko. Ine ndinakwapulidwira 240."

Holo yonse inafa nalo phwete. Abusa anabisa nkhope m'mpango. (Amati ankayetsemula. Ndimawakhululukira.)

Apa Esinati ndi anzake a m'gulu lathu anayamba kundibera belu. Ndikati nditembenuke kukonza tayi, dzanja latulukira kale pansi pa chigongono changa. Mayankho awo anali amaliseche, opanda ngakhale zikomo, koma mapointi ankalowa. Pofika funso lomaliza tinali titafanana ndi a Zambia. Belu ndinalikokera pachifuwa panga. Nkhondo yomaliza amamenya ndi mtsogoleri.

"Mtsinje umene umadutsa mu mzinda wa London dzina lake ndi chiyani?"

Ndinadina Tadala asanatseke pakamwa. Mtsinje umenewu ndinaujambula pa sileti ndi dzanja langali. Esinati anandigwira jekete.

"Bambo, chonde, dzina lokha."

Ndinamumvera pang'ono. Ndinati nditchule a wapampando ndi abusa basi, enawo andikhululukire. Koma ndili pa "abusa", chitseko chinatseguka. Analowa mayi Banda, wamkulu kuposa tonse mumpingo, akukankha kanjinga kawo koyendera. Anali atangotuluka m'chipatala sabata yomweyo. Inuyo mukanatani? Kuwadumpha chifukwa cha mtsinje wa eni?

"...ndi mayi Banda, takulandirani."

"Zikomo bambo," anayankha. "Kaya kunyumba?"

Munthu wamkulu akakufunsa za kunyumba umayankha. Ndinawauza kuti tili bwino, kupatula bondo langali. Anafunsa kuti bondo liti.

Foni inalira.

"Thames!" anakuwa a Zulu. Ulendo uno anaimirira, koma kuti avine.

Epuloni anandimanga ndi Esinati, ndipo anaimanga mothina kuposa muyeso. Sindinathawe. Pangano ndi pangano. Koma tiyi ndinaperekera mwa ine mwini. Aliyense wa ku Zambia ndinayamba ndamupatsa moni wokwanira, kenako kapu. A Zulu ndinawasungira kumapeto. Nditafika, ndinawafunsa za mayi kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za mvula ku Lusaka, ketulo ili m'manja mwanga, kapu yawo ili m'malere.

"Ba mudala, tilani chabe, yazizila!"

"Sitinafike kwa adzukulu," ndinatero.

Pobwerera, tinawoloka mlatho kulowa mu Virginia. Kenako Esinati anati, "Bambo, lero mwaphunzirapo kanthu?"

Ndinati eya. Pakakhala mpikisano, mayi Banda azikawatenga msanga.