Mabotolo Pansi pa Fornu Yanga

Mpaka lero ku Tsangano kuno alipo anthu amene amati ine ndinayambitsa nkhondo yangayanga mkati mwa nkhondo ya dziko. Bodza limenelo. Ine mfuti sindinaigwirepo. Chimene ndinakana ine ndi kuberedwa masanasana, basi, ndipo mumve kaye mmene zinayendera musanayambe kuseka ngati enawo.

Kuseri kwa nyumba yanga kunali fornu, uvuni wa njerwa wophikira pau, buledi wathu wa kuno. Ntchitoyo ndinaiphunzira ndili mnyamata pa kantina ya Mzungu wina, ndipo pau wanga ankadziwika mpaka kumalire (funsani aliyense amene anali ndi mano nthawi imeneyo). Nkhondo itakula tirigu anasowa, fornu inakhala osaona moto. Kenaka kunagwa chilala. Mphepo ya chaka chimenecho inali youma moti ukangoseka milomo imang'ambika, ndiye fornu nayo inang'aluka kuyambira pakhomo mpaka pamwamba, pansi pake n'kusweka ngati matope a m'dambo louma.

Ndi chaka chomwecho mwana wanga Rozina anapeza banja. Ine ndinali nditabisa tirigu pang'ono mumtsuko, ndiye tsiku lina potuluka m'tchalitchi ndinalengeza pamaso pa anthu onse, akuchimuna ali pomwepo, kuti pa ukwati wa mwana wanga anthu adzadya pau ngati kale nkhondo isanabwere. Ine ndikalankhula sindinong'ona. Anamva ndi amene anali kumsika omwe. Kuyambira pamenepo dzina langa linali pa pau ameneyo.

Mmisiri wodziwa fornu analipo mmodzi yekha, a Berenado, amene anathawa nkhondo ku Furancungo atanyamula zitsulo zawo zomangira, mkazi akutsatira pambuyo ndi ana. Munthu wamatama, woyenda ngati mvula anaipanga ndi iye. Anafika, anazungulira fornu yanga akugogoda ndi chala ngati akugula dzungu.

"Achimwene, iyi yafa. Pansi ponse tifukule."

"Nenani mtengo," ndinatero ine.

"Ndalama ayi. Metikale ndigula nayo chiyani masiku ano? Mundipatse mbuzi yanu yaikazi ija, ndi chikhoti chija mumavala Lamulungu. Ndiye mupeze mchere wodzaza lata, chitini chonse, ndi madzi ambiri. Dzuwa ili dothi silifuna kuuma msanga, ndizifunditsa masaka onyowa mpaka ligwire."

"Mchere? Mwabwera kudzamanga kapena kudzaphika ndiwo?"

"Pansi pa fornu timayala mabotolo oswa ndi mchere, ndi zimene zimasunga moto. Si inu mumati munagwira kwa Mzungu?"

Ndinagwiradi, koma ndinkaphika pamwamba, pansi sindinkasuzumirako. Komabe taganizani inu. Mchere nthawi imeneyo anthu ankakautenga ku Malawi wapansi, kudzera m'tchire, osadziwa ngati phazi liponda dothi kapena bomba. M'nyumba mwanga tinkauthira ndi nsonga za zala. Madzi, amake Rozina ankachita kukafukula mumchenga wa mumtsinje, ulendo wotha m'mawa wonse. Ndiye munthu abwere, wothawa kwawo, ife tinamulandira, andiuze kuti ndikwirire mchere m'dothi, ndimwetse masaka madzi, pamwamba pake ndimuveke chikhoti changa? Ndinawauza mawu amene sindingalembe pano. Iwo anangotola chipewa chawo n'kunena kuti, "Mundipeza."

Ndinati ndikonza ndekha. Manja ndili nawo, mutu ndili nawo.

Mabotolo ndinali nawo ambiri, a vinyo, otsala ku kantina kuja. Koma kuswa botolo masiku amenewo inali misala. Botolo linali la parafini, la mafuta, la kachasu, mtsikana ankatha kupita nalo ku banja ngati katundu. Ndiye ndinaganiza mwanzeru (ndikunenabe kuti mwanzeru): galasi ndi galasi, loswa kapena losaswa. Ndinawatsukuluza, ndinawatseka zolimba ndi zitsononkho kuti dothi lisalowe, n'kuwayala athunthu pansi pa fornu. Nkhondo ikadzatha ndidzawafukula ali bwinobwino. M'malo mwa mchere ndinathira mchenga, nawonso ndi woyera. Madzi opondera dothi ndinatenga amene anali m'nyumba.

Amake Rozina pobwera kumunda anapeza mitsuko ili gwa.

"Bambo a Rozina, madzi anga ali kuti?"

"Ali mu fornu."

"Chabwino. Ludzu likakugwirani mukamwe fornuyo."

Za masaka onyowa sindinavutike nazo. Dzuwa linaumitsa zonse tsiku limodzi, ndipo ndinaima pamsewu kuuza odutsa kuti ntchito imene mmisiri amati ya masabata, ine ndaitha mbuzi yanga ili m'khola.

Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake, pakhomo panadzaza. Amayi akusefa thobwa, akuchimuna atakhala pamkeka pansi pa mtengo wa pichesi. Ine ndinakanda ufa wanga wonse, n'kuufunditsa m'chibeseni kuti ufufume, kenaka ndinasonkha moto wa bulugamu wouma, moto weniweni. Ndinaitana amalume ake a mkwati, a Gonsalo, munthu wamkulu thupi ndi ulemu womwe, kuti adzaone ntchito ya manja anga. Ndinali pakati powafotokozera mmene amisiri a masiku ano amabera anthu pamene botolo loyamba linaphulika.

Sindinamvepo phokoso lotero, ndipo ine ndamva zambiri. Lachiwiri linatsatira, kenaka ena onse motsatizana ngati mfuti ija yolankhula osapuma. Njerwa zinauluka, makala anagwera pa denga la khitchini, phulusa linandimenya kumaso. Nditatsegula maso a Gonsalo panalibe, panatsala nsapato imodzi.

Anthu a nthawi ya nkhondo safunsa kuti chalira n'chiyani. Mudzi wonse unakhuthukira kuphiri, wina ndi mwana kumsana, wina ndi nkhuku kukhwapa, mkwati kutsogolo kwa onse (Rozina anamuona, ndipo amamukumbutsabe). Amilisiya amene ankakhala pa sukulu anayamba kuombera m'mitengo ya bulugamu, kumene kunalibe munthu ngakhale mmodzi. Ine ndinakwera pachulu n'kumakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti abwerere, ndi mabotolo chabe. Koma akuti atamva ine ndikukuwa chotero anati basi, mkulu uja amugwira, akumupha, ndipo anawonjezera liwiro.

Patapita nthawi komandante wa amilisiya anatulukira kuseri kwa nkhokwe akukwawa ndi mimba, anyamata ake pambuyo. Anandipeza ndili ndekha, nsidze zitapsa, ndikuzimitsa denga ndi nthambi.

"Kamarada, adani alowera kuti?"

Ndinamulozera fornu.

Anayang'ana dzenjelo, anatola khosi la botolo chitsononkho chikadali momwemo, anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Madala, mukudziwa kuti zipolopolo zimene tatha lero zimachokera kutali bwanji?"

"Ndinakutumani ine kuti muombere mitengo?"

Yankho limenelo ndi limene linadyetsa mbuzi yanga. Anaimasula okha m'khola, akuti chindapusa chosokoneza chitetezo. Ndipo pamene ine ndinkakangana nawo za mbuziyo, nkhumba za aneba zinali zitalowetsa mitu m'chibeseni. Tirigu amene ndinabisa zaka, osadya ngakhale pa Natale, pa Khirisimasi penipeni, anathera m'mimba mwa nkhumba za munthu amene sanandipepese n'komwe.

Anthu anatsika kuphiri dzuwa litapendeka. Amake Rozina anafika maso ali ofiira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Muli moyo?"

"Ndili moyo."

"Ine ndakulirani phiri lonse lija, pamaso pa akuchimuna. Misozi yanga ija mundibwezere."

A Gonsalo anapezeka tsidya la malire kwa achibale awo, ndipo anatumiza mawu akuti ukwati upitirire, iwo adalitsa ali komweko. Unachitikadi. Anthu anadya kachewere wowiritsa, ndipo aliyense wondipatsa moni ankafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Pau uja atuluka nthawi yanji, bambo?" A Berenado anabwera osaitanidwa, anadya mbale ziwiri, n'kundiuza pamaso pa anthu kuti tsopano mtengo wakwera poti ndi makoma omwe palibe.

Ana anga amati ndivomere kuti ndinalakwa. Ndivomere chiyani? Mtengo uja unali wakuba, unali wakuba tsiku lija ndipo ndi wakuba lero. Nzeru yanga inalibe vuto. Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi zaka zonsezi, ndipo ndinapeza pamene panalakwika: mabotolo a Mzungu uja anali osalimba. Ndikanapeza a mowa, okhuthala aja, bwenzi tikukamba zina. Ndinawauza amake Rozina zimenezi chaka chatha, tikumanga uvuni wina waung'ono. Anangolowa m'nyumba, n'kusonkhanitsa mabotolo onse, n'kukawasungitsa kwa mng'ono wawo.