Ndinasala kudya kwa Msudani

Pali nkhani imene mkazi wanga Esinati sadziwa mpaka lero, ndipo ndikuilemba pano podalira kuti sakonda kuwerenga zinthu zazitali.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito m'magulumagulu. Ku Kafue kunadzaza salaula, zovala za kaunjika zija, ndi timalo todyera ta alendo. Kena kanali ka Msudani wina, pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Nangongwe. Nshima kunalibe. Ankagulitsa nyemba zophwanyaphwanya zothira mafuta, anyezi ndi tsabola, zodyera buledi, pa mtengo woti ngakhale ine wamaganyu ndinkakwanitsa.

Nthawi imeneyo ndinali nditangotomera Esinati. Amayi ake, mzati wa tchalitchi cha Pentekosite, ankandikayikira (ankati nkhope yanga ndi ya munthu wosapemphera). Analamula kuti banja lonse, ndi ine ndemwe, tisale kudya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kwa sabata yathunthu, kuti Mulungu aonetse ngati ukwatiwo unali wake. Ndikalephera, yankho lapezeka. Ndinavomera mokweza kuposa aliyense.

Lachitatu masana, nditatsitsa matumba a feteleza m'mawa wonse, miyendo inanditengera yokha kwa Msudani. Ndinadziuza kuti ndikungofuna mthunzi. Kenako ndinadziuza kuti kununkhiza si kudya. Kenako ndinapezeka ndasamba m'manja.

Msudaniyo anali ndi mwambo wakwawo woti munthu sadya yekha. Aliyense wolowa ankamugwira dzanja n'kumukhazika pa thireyi ya amene wayamba kale, mumudziwe kaya musamudziwe. Ndiye nditangoponya m'kamwa chibuledi chodzaza nyemba ndi tsabola, mpando wa kutsogolo kwanga unakokedwa. Anakhalapo bambo ake a Esinati, mdala wopuma ntchito ya njanji, amene ndinkangowapatsa moni chogwada, patali.

Kwathu kum'mawa mkamwini sadya mbale imodzi ndi apongozi, ndipo satafuna pamaso pawo. Onjezanipo kuti ndinali pa kusala. Milandu iwiri inali m'tsaya limodzi. Ndinasiya kutafuna, koma tsabola sanasiye ntchito yake. Maso anayamba kuchucha, mphuno n'kutsatira. Ndinati ndigwade ndipereke ulemu, bondo n'kugunda tebulo, madzi onse a m'jagi n'kuthera pa nsapato zawo.

Msudani ataona kuti ndikulira ndipo sindikudya, anaganiza kuti ndikuchita manyazi ndi mlendo. Anabwera ndi buledi wina, n'kunyema yekha, n'kundifumbatitsa m'dzanja uku akundisisita pamsana. Ine ndi tsaya lotupa ndinkangoona ukwati wanga ukuchoka pang'onopang'ono ngati sitima ya katundu. Ndinachita mantha enieni, chifukwa Esinati ndinkamukonda.

Mdala anayang'ana kukhomo, anayang'ana ine, anayang'ananso kukhomo. Apo m'pamene Msudani anawaikira tiyi asanaitanitse, n'kuwafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka ngati awathirire tsabola wambiri monga dzulo.

Monga dzulo. (Dzulo lake linali Lachiwiri, ndipo madzulo ake mdalayu ndi amene anatsogolera pemphero lomasula kusala, ndi mawu ofooka omvetsa chisoni.)

Mdala anapinda malaya, n'kuweramira kwa ine. "Meza, mwana wanga, uzatsamwa. Apa ni ku Sudan, mwambo wasala panja. Iwe sunanione, naine sininakuone."

Sindinamezepo chinthu chokoma ngati chimenecho. Tinadya mpaka thireyi inayera. Potuluka anandipatsa masamba a gwafa a m'thumba mwawo kuti nditafune, fungo la anyezi lithe, n'kundilangiza kuti ndidzere njira ina ndipo ndikafike ndikuyenda mofooka.

Madzulo pa mapemphero amayi ake a Esinati anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, mtima wanga uli m'mwamba. Kenako anauza banja lonse kuti aone mmene maso a mnyamatayu afiirira, walira pamaso pa Ambuye tsiku lonse, ukwati uchitike. Amene anati ameni mokweza anali mdala.

Usiku umenewo ndinalumbira kuti sindidzanamizanso Mulungu kapena apongozi aakazi. Lumbirolo ndinalisunga bwinobwino mpaka kusala kwa chaka chotsatira. Nditalowa kwa Msudani kukafuna mthunzi, ndinapeza mdala atandisungira mpando.