Denga Loyenda la a Yotamu

Mwambi umene ndikutchulireni pamapeto, ananu, unayamba motere.

M'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Chiradzulu munali mipingo itatu. Wina unkapemphera ndi ng'oma, wina unkapemphera Loweruka, ndipo wachitatu unkaimba nyimbo za m'buku pang'onopang'ono, osawomba ngakhale m'manja. A Yotamu anali mkulu mumpingo wachitatuwo. Sanali munthu woipa ayi. Maliro akagwa, khasu loyamba kufika kumanda linali lawo. Koma anthu a ng'oma ankautcha mpingo wawo "mpingo wa tulo", ndipo mawuwo ankawapweteka. Nawonso, tinene zoona, ankati a ng'oma amapita kutchalitchi kukatulutsa thukuta basi.

Chaka china a Yotamu anakolola kwambiri. Anamanga nkhokwe yatsopano n'kuthiramo chimanga chonse. Inu osunga chimanga m'matumba simudziwa kuti denga la nkhokwe limamangidwira pansi. Likafoleredwa, amuna amalowa pansi pake n'kulisenza, akuimba nyimbo imodzi kuti mapazi agwirizane.

Denga linatha Lachisanu, amuna onse a mpingo wawo ali kumsonkhano kutali. Masana kunayamba kuzizira, mitambo ya chiperoni ikutsika m'phiri. Kamvula kameneko kakayamba kamawaza masiku atatu osaleka.

"Bambo a Feliya, chimanga chili pambalambanda," anatero akazi awo, a Nangondo. "Chikachita chuku tidya chiyani chaka chino? Ndawaitana achimwene."

Achimwenewo anali a Gidiyoni, katswiri wa ng'oma kutchalitchi kwawo. Anafika akuseka.

"Alamu, tamva kuti denga likufuna mitu. Ife tabwera anayi. A Lameki a mpingo wa Loweruka abwera ndi anzawo awiri, koma akuti tifulumire. Dzuwa likalowa, tsiku lawo lopumula layamba."

"Muimba nyimbo yanji?" anafunsa a Yotamu.

"Yathu yothamanga ija. Yanu ija tikhoza kugona denga lili pamutu."

Nthabwalayo inalasa pachilonda. A Yotamu anaimirira njo.

"Chimanga changa sichifunda denga lovina. Ndisenza ndekha. M'Malemba muli munthu amene ananyamula zitseko za mzinda yekhayekha."

"Ameneyo anali ndi tsitsi, alamu. Inu muli ndi dazi."

Amunawo sanapite. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango kuti aone.

A Yotamu anapinda nsalu n'kupanga nkhata. Anatukula mbali imodzi ya denga, anaichirikiza ndi mtengo, n'kukwawira m'kati. Anaika mutu pansonga, anapemphera pang'ono, n'kudzuka. Denga linadzukadi! Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, mpaka pamene anazindikira kuti udzu ukuwafika m'mawondo ndipo sakuona kanthu koma zala za kumapazi kwawo.

"Nangondo, nkhokwe ili kuti?"

"Kumanzere!"

"Kumanzere kwanga kapena kwako?"

Denga linayamba ulendo ngati bowa wamkulu wokhala ndi miyendo. Linapitirira nkhokwe, linagwetsa thandala ndi mbale zomwe, nkhuku zinabalalika, galu wawo yemwe n'kuyamba kuwauwa. Khosi linkatentha ngati moto. Anayenda mapazi ena atatu, mawondo anakana, ndipo denga linakhala pansi n'kuwavundikira ngati nkhuku ya m'dengu.

Mumdima umo anamva kamvula kakuyamba kugogoda pa udzu. Anakumbukira miyezi yonse ya kupalira, ndi mwana wawo Feliya amene akanagona ndi njala chifukwa cha nyimbo.

"Alamu!" anaitana.

"Akulankhula ndani? Denga?"

"Ndine. Bwerani."

"Ndi nyimbo yanji?"

"Iliyonse!"

Amuna asanu ndi awiri aja anathamanga, analowa pansi, ndipo mitu inakwana isanu ndi itatu. Koma musaganize kuti a Yotamu okha ndiwo anali ouma khosi. Atamva kuti iliyonse, gulu lililonse linayamba yakeyake. A ng'oma ankathamanga, a Lameki ndi anzawo ankayenda mwakachetechete ndi yawo, a Yotamu akukoka yawo ya m'buku. Denga linangozungulira pamalo amodzi ngati nguli.

"Abale, dzuwa likupita!" anadandaula a Lameki. "Likalowa ine ndichotsa mutu wanga, musati sindinanene."

A Nangondo anamenya chivundikiro cha poto ndi mthiko mpaka onse anakhala chete.

"Amuna akuluakulu inu! Kodi mukamaliza pemphero mumati chiyani nonsenu?"

M'kati mwa denga munatuluka mawu amodzi: "Ameni."

"Ndiye yendani nayo imeneyo. Mukati A, phazi lamanzere. Mukati meni, lamanja. Ine ndikutsogolerani."

Linayenda denga lija, molunjika, likuyankha kuti "A-meni, A-meni," mpaka panhkokwe. Analitukula ndi mitengo, linakhala bwino pamwamba, ndipo a Lameki anatsala ndi nthawi yokwanira kukasamba.

Ataima pakhonde kuthawa mvula, a Gidiyoni anakanda kumutu.

"Alamu, za tulo zija ndinalakwa. Nyimbo zanu zimatonthoza pamaliro, zathu sizingathe."

"Ndamva. Koma kuvina sindidzavina."

"Ndi khosi limenelo ndani angakupempheni?"

Palibe amene anasiya mpingo wake. Koma kuyambira chaka chimenecho madenga a m'mudzimo ankasenzedwa ndi mipingo yonse itatu.

A Yotamu anatha sabata yathunthu osatembenuza khosi. Munthu akawaitana, ankatembenuka thupi lonse. Anzawo atabwera kuchokera kumsonkhano anadabwa kumva kuti denga la mkulu wawo linakwezedwa ndi a ng'oma ndi a Loweruka, ndipo anapita kukawafunsa kuti zinatheka bwanji. A Yotamu anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja lili pakhosi, nati:

"Abale anga, ndinayesa. Mutu umodzi susenza denga."