Ubongo pa Katoni ya Sopo

Lolemba
Kuchipatala am'patsa Esnart, mng'ono wanga, mapiritsi a matenda a kukhumudwa. Chiyambire mvula sadya, satuluka, saseka. Amayi abisa mapiritsiwo: akuti mwana wawo si wamisala. Digiri yanga ya bayoloje, yodya fumbi pakhoma, lero yapeza ntchito! Ndiphunzitsa nyumba yonse za serotonini mpaka mapiritsi atuluke.

Lachiwiri
Ndajambula ubongo pa katoni ya sopo. Phunziro loyamba:
serotonini ndi mthenga;
malisepita ndi timakomo ta mu ubongo pomwe mthengayo amagogoda;
tina timakhudza tulo, tina njala, tina nkhawa;
piritsi limathandiza mthenga kukhalitsa pakhomo.
Amayi ayang'anitsitsa. "Kabichi wako waoneka bwino." Kabichi!

Lachitatu
Ndasintha chitsanzo. Serotonini ndi anthu otsika minibasi pa Mtendere. Asanafike pamakomo pawo, kondakitala akuwakokeranso m'basi. Piritsi limagwira kondakitala dzanja. Nzeru zanga, mayo! Ndaiwala kuti amalume, ba Tembo, ndi kondakitala. "Ise sitidonsa muntu," atero, n'kunyamuka tiyi ali m'kapu.

Lachinayi
Komboni yonse yamva kuti Esnart ali ndi makondakitala m'mutu. Aneba abwera kudzafunsa ngati ndimachizanso miyendo.

Lachisanu
Amayi: "Iwe unavionapo vitseko vamene ivo?" Ndayankha kuti m'buku. Ndiye pakamwa panga, posadziwa kutseka, ndawonjezera kuti akatswiri enieniwo akutsutsanabe, serotonini si nkhani yonse. Amayi asangalala: kani nanenso ndimangokhulupirira zosaoneka, koma popanda kwaya. Zaka zonse zija za kuyunivesite, kugonja kwa munthu akusenda anyezi!

Loweruka
Ubongo wanga wa pakatoni uja ukukupizira mbaula. Mbali ya nkhawa yapsa. Esnart akadali chigonere, nkhope kukhoma. Apa pokha sindikuseka.

Lamlungu
Amayi apita nawo mapiritsi kutchalitchi, m'kachikwama ka chopereka. Abusa awapempherera, n'kuwonjezera botolo la madzi odalitsa, n'kulamula kuti Esnart azimwa piritsi tsiku lililonse osadumpha. Zomwe ndakhala ndikulalikira sabata yonse! Esnart wameza loyamba. Akachira, ulemu upita ku madzi. Chabwino, malisepita safunsa kuti wamwera chiyani.

Madzulo watuluka kudzaotha moto, wapeza katoni yopserera ija. Wafunsa ngati umenewu ndi ubongo wake. Ndavomera. Waseka mpaka kutsokomola, amayi n'kukweza manja kumwamba.

Piritsi silingagwire ntchito tsiku limodzi, limafuna masabata. Ndikudziwa. Wandiseka ine. Digiri yagwira ntchito basi.