Zikomo Potiphunzitsira Tizilombo

Kwa Bwana Mlonda Wamkulu wa Makapisozi,
Ku ofesi yam'mwamba.

Olemekezeka Bwana,

Mukaona zilembo zapendekeka mundikhululukire. Ndikulembera pa simenti, pafupi ndi bedi la amuna anga, a Abednego, m'chipatala china chomwe sindichitchula kuopa kuchichititsa manyazi. Ngolo ya fodya inawaponda mwendo. Bala latha milungu isanu likuchucha mafinya, ndipo adokotala akuti mankhwala amphamvu otsiriza akapanda kupezeka, Lachisanu adula mwendowo. Ndiye ndati ndikuthokozeni nthawi ikadalipo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ufulu. Kwathu cha ku Mitundu makapisozi timagula kwa a Limbani, omwenso amamata matayala a njinga. Safunsa kalata ya dokotala, amangofunsa ngati ukufuna ofiira kapena achikasu. Umagula atatu, kumwa awiri, wotsalayo kusungira mlamu. Nkhuku zikayamba kusinza timazisungunulira m'madzi. Ine ndemwe, tsiku la ngoziyo, ndinatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala ngati mchere. Alonda anu ndi anthu aulemu kwambiri, sanabwerepo kudzasokoneza malonda a munthu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha maphunziro. Adokotala andifotokozera kuti tizilombo ta m'balamo, ta dzina lonyada loti Klebsiella, tinazolowera mankhwala chifukwa takhala tikulawa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Jakisoni wa mitundu itatu wapita, ito tikungonenepa. Ana anga analekezera sitandade sikisi, Bwana, koma tizilomboti tamaliza sukulu yonse, ndiponso mwaulere.

Chachitatu ndi mpopi wa mu wodi muno. Unauma cha pa Pasaka. Sopo timamuonera pa chithunzi chokongola chomwe munatitumizira, chotiphunzitsa kusamba m'manja. Choncho tizilombo tikuyenda bedi ndi bedi mofulumira kuposa minibasi ya ku Nathenje. Bambo a bedi loyandikana nafe anabwera ndi bala la moto lokha, pano nawonso ali ndi a Klebsiella awoawo. Kugawana kotere ngakhale kutchalitchi sitinafikepo.

Kunena zoona, Bwana, ndili ndi mantha. Amuna anga ndi tenanti pa esiteti ya fodya. Tenanti wa mwendo umodzi palibe esiteti yomwe imamusunga, ndipo a Abednego akhala akuyang'ana nsapato zawo tsiku lonse.

Mankhwalawo sindikupempha ayi, ndikudziwa muli ndi misonkhano yambiri. Pempho langa ndi laling'ono. Lisanafike Lachisanu mubwere mudzazonde wodwala wanu, mukhale pabedi pake, mumugwire chanza monga mwa mwambo wathu. Zosamba m'manja musavutike nazo, madzi kulibe. Ndipo mukakayamba kumva kutentha thupi musadandaule: ndawauza kale a Limbani akusungireni awiri ofiira.

Ine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Everlyn, mkazi wa a Abednego,
Bedi lachinayi, pansi pake.